Botolo la ku Limbe

Ndinafika kwathu kwa Mphuka Loweruka la Pasaka wa 2024, ndipo chinthu choyamba kundidabwitsa chinali duku. Mlongo wanga wondipondera pamutu sanali munthu womanga duku pakhomo. Kuyambira ali mtsikana ankadziwika ndi tsitsi lakuda bii, lokhuthala, loti anzake akamamuluka ankadandaula kuti zala zatopa mutu usanafike theka. Tsiku limenelo anandilonjera atamanga duku mpaka m'nsidze, osavula ngakhale posonkha moto. Usiku, ana atagona, anabwera ndi kapepala ka shuga kopindapinda n'kukatambasula pamphasa. Munali tsitsi lodzaza dzanja.

"Achimwene, limeneli ndi la sabata ino yokha."

Ankalisunga chifukwa anganga anamuletsa kutaya paliponse. Kwa iwo nkhani inali yachidziwikire: wina anatola tsitsi lake pamene ankapesa pakhonde, ndipo akulichitira zakezake. Akuchimuna ankanong'onezana za tsempho, kuti mwina m'nyumbamo simunasungidwe mwambo mwana atabadwa. Ena pachitsime ankangoyang'anana osatchula kanthu, koma aliyense ankadziwa chimene akuganiza. Ku Thyolo anthu sanaiwale zaka zija mankhwala otalikitsa moyo asanafike, pamene tsitsi lopepuka ngati la khanda linkakhala chizindikiro choti munthu akupita. Bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka ma ARV m'bomali mu 2003, ndipo zinthu zinasintha kwambiri, koma maso a anthu akadali ndi mantha akale aja. Mlongo wanga anali atayezetsa kawiri kusikelo n'kupezeka wopanda kachilombo. Nanga akanayenda ndi kabuku ka kuchipatala pamphumi?

Ine, munthu wa m'tauni, zonsezi ndinaziseka chamumtima. Ndinati vuto ndi mavitamini basi. Nditabwerera ku Limbe ndinalowa m'kasitolo kena kogulitsa zodzoladzola n'kugula botolo la mapilitsi lokhala ndi chithunzi cha mkazi wa tsitsi lofika m'chiuno, pamodzi ndi kabotolo ka mafuta onunkhira. Wogulitsayo anandiwerengera mawu a pabotolopo, biotin, akugwedeza mutu ngati dokotala. Ndalama imene ndinasiya pamenepo ikanagula nkhuku ziwiri ndi usipa wodya mwezi wathunthu. Ndinapatsira kondakitala wa minibasi, mtima uli mbee, ndikudziona kuti ndine mlongo wosamala mbumba. Botololo litatha iye anakatenga ngongole kubanki mkhonde kuti agule lachiwiri, poti ine ndinali nditamuuza kuti mankhwala oterewa safuna kudukiza.

Pali zinthu zimene ndinaona masiku atatu a Pasaka aja koma osazilabadira. Pochokera kuchitsime anatula ndowa kawiri pa kamtunda koti kale ankakwera akuimba. Anandiuza moseka kuti masiku ano mtima umamugunda m'makutu. Ndinamupeza kuseri kwa khitchini akugumula kadothi pachipupa n'kuponya m'kamwa, ine n'kumuseka kuti kodi pali kenanso panjira. Zikhatho zake zinali zotuwa ngati wagwira ufa. Maso anga anali pamutu pokha, chifukwa ndi pamene iye anandilozera.

Munthu wothyola tiyi amadziwa chinthu chimene ine ndinaiwala. Tchire la tiyi likaleka kutulutsa nsonga, palibe amene amapaka mafuta pamasamba. Amayang'ana mvula, amayang'ana nthaka, amafunsa ngati feteleza anathiridwa. Ndipo amadziwa kuti zimene waona lero pamwamba pa tchirelo zinayamba masabata angapo apitawo pansi. Tsitsi nalo lili choncho. Pamutu pa munthu pali tsitsi pafupifupi 100,000, ndipo lililonse lili ndi kalendala yakeyake. Lambiri, pafupifupi 85 mpaka 90 mwa 100 lililonse, limakhala likukula, ndipo limakula kwa zaka ziwiri mpaka zisanu ndi chimodzi. Lotsalalo limakhala litaleka kukula, likupuma kwa miyezi pafupifupi itatu, kenako n'kugwa kuti latsopano liphuke pamalo pomwepo. N'chifukwa chake kupeza tsitsi 50 kapena 100 pachipeso tsiku limodzi si matenda. Koma muzu wa tsitsi ndi malo amodzi m'thupi amene amagwira ntchito mothamanga kwambiri, ndipo umadya zambiri: zomanga thupi, ayironi, zinki, ndi mpweya umene magazi amanyamula. Thupi likapanikizika limachita ngati mayi wanzeru m'mwezi wa njala, limayamba kugawira mtima, ubongo ndi mkaka wa mwana, tsitsi n'kuuzidwa kuti lidikire. Mizu yambirimbiri imalowa m'nyengo yopuma nthawi imodzi. Koma tsitsilo siligwa tsiku lomwelo. Limakhalabe pamutu miyezi iwiri kapena itatu, n'kudzagwa lonse pamodzi munthu ataiwala kale chimene chinachitika.

Ndikanangowerenga miyezi chobwerera m'mbuyo, nkhani yonse inali poyera. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola munda wake wa pamtsetse, iye ali ndi pakati pa miyezi itatu. Nthochi, zimene kale zinkatipulumutsa ife a ku Thyolo chimanga chikakanika, zinatha ndi matenda a chisaka zaka zapitazo. Mimba yonse anayenda ndi nsima ya chigwada ndi tiyi. Mapilitsi owonjezera magazi amene ankalandira kusikelo anamwa sabata ziwiri n'kusiya, ati ankamuchititsa nseru ndi kudetsa chimbudzi, komanso amayi ena anamuopseza kuti amakulitsa mwana m'mimba. Anachira mu Sepitembala, atataya magazi ambiri. Mu Disembala, mvula itagwa ndipo masamba ataphuka, anabwerera kukathyola tiyi, dengu kumsana kuyambira mbandakucha, mwana akuyamwa. Mu Januwale anagona ndi malungo. Chilichonse mwa zimenezi pachokha chimatha kuthothola tsitsi. Amayi ambiri amaona tsitsi likugwa miyezi iwiri mpaka inayi atabereka, ndipo limabwerera lokha. La mlongo wanga silinapeze mpata wobwerera, chifukwa vuto lina likamatha linzake linali litaima kale pakhomo.

Pano pali nkhanza ina ya kalendala ya kwathu imene sitiitchula kawirikawiri. Miyezi imene tiyi amaphuka kwambiri, kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndi yomweyo imene nkhokwe zimakhala zopanda kanthu ndiponso udzudzu uli ponseponse. Thupi limagwira ntchito yaikulu kwambiri pa nthawi imene likudya mochepa kwambiri. Pansi pa ndondomeko ya Malawi Tea 2020, yomwe inayamba mu 2015, maesiteti anayamba kuphikira antchito nsima ya ufa wothiridwa michere, ndipo n'zothandiza. Koma imeneyo ndi mbale imodzi patsiku, ya munthu mmodzi, ndipo mayi amene wasiya ana kunyumba mumamudziwa mmene amadyera madzulo: amayamba wagawa, iye n'kutsalira ndi msuzi.

Anagwa mu Juni, m'mawa wa chiperoni, ali pamzere woyezetsa masamba. Anzake anati anangoti khoba, dengu lili kumsana. Foni inandipeza ku ntchito, ndipo ndinakamupeza atagonekedwa kale. Dokotala wachinyamata amene ankamuona sanayang'ane n'komwe pamutu. Anakoka chikope cham'munsi n'kundiitana.

"Bambo, taonani umu. Muyenera kukhala mofiira. Mukuona bwanji?"

Munali moyera ngati mkati mwa chinangwa. Mayi amene sali woyembekezera amayenera kukhala ndi magazi osachepera 12 pa muyezo wa kuchipatala. Ake anali cha m'ma theka la pamenepo. M'chimbudzi anapezamo mazira a njoka zam'mimba zija zimalowera pakhungu la kuphazi munthu akamaponda dothi lonyowa opanda nsapato, n'kukakhala m'matumbo zikuyamwa magazi pang'onopang'ono. Anamuika magazi, ndipo ine anandipempha kuti ndipereke anga olowa m'malo. Nditagona pabedi, singano ili pamkono, ndinaganiza kuti chimenechi n'chinthu choyamba chanzeru chimene ndamuchitira chaka chonsecho.

Amayi anali atabweretsa mabotolo aja m'kathumba, poganiza kuti adokotala afuna kudziwa mankhwala amene wodwala akumwa. Anachita bwino. Dokotalayo anatembenuza botolo, n'kuwerenga, n'kufunsa kuti anagula ndani. Ndinakweza dzanja ngati mwana wa sukulu. Sanandinyoze. Anangoti mapilitsiwo alibe ayironi ngakhale pang'ono, ndipo miyezi iwiri ndi theka imene tinkadikira kuti agwire ntchito ndi imene magazi anatsikira pansi penipeni.

Biotin ndi vitamini weniweni, wa m'gulu la B, ndipo munthu akamusowa tsitsi limathothokadi. Koma kumusowa n'kosowa. Ali m'mazira, m'mtedza, m'nyemba, m'mbatata, ndipo thupi limafuna kochepa zedi. Kwa munthu amene sakumusowa, palibe umboni wogwirika woti kumwa wambiri kumameretsa tsitsi. Choopsa n'chakuti amasokoneza zoyeza zina za m'labotale. Mu 2017 bungwe loona za mankhwala ku America, FDA, linachenjeza kuti biotin wochuluka amanamiza zotsatira za magazi, kuphatikizapo zoyeza matenda a mtima, ndipo n'zodziwikanso kuti amanamiza zoyeza chithokomiro. Ndiye taganizani: munthu tsitsi likugwa chifukwa cha chithokomiro, akumwa mapilitsi a tsitsi, ndipo mapilitsiwo akubisa matendawo kwa amene akanawapeza.

Palinso mavitamini ndi michere imene ukaichulutsa imathothola tsitsi lomwelo ukufuna kupulumutsa. Vitamini A ndi mmodzi. Ambiri tikuganizabe kuti Amalawi timamusowa monga kale, koma kafukufuku wa boma wa michere m'matupi a anthu wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti vutoli latsika kwambiri, pakuti shuga ndi mafuta ophikira a m'sitolo amathiridwa kale vitaminiyu. Thupi silimutaya mumkodzo, limamusunga m'chiwindi, ndipo akadzaza khungu limauma, mutu umapweteka, tsitsi limagwa. Kwa mayi woyembekezera amatha kupundula mwana. Wina ndi selenium. Mu 2008 ku America anthu 201 anadwala atamwa mankhwala owonjezera michere amene anali ndi selenium wochuluka pafupifupi ka 200 kuposa zimene zinalembedwa pabotolo, ndipo oposa 7 mwa 10 alionse tsitsi linawathothoka. Ngati zinatheka kumeneko, nanga botolo lopanda mwini logulidwa pa WhatsApp kapena pa tebulo la pamsika, ndani analitsegula kuti aone zili m'katimo?

Chimene kafukufuku wa boma uja anapeza chochuluka ndi kusowa kwa zinki: anthu pafupifupi 6 mwa 10 alionse, ana ndi akulu omwe. Zinki ndi amene amathandiza khungu kupola ndi tsitsi kukula, ndipo amapezeka bwino m'nyama, m'nsomba zodya ndi mutu womwe monga usipa ndi matemba, m'mazira, m'ngumbi ndi ziwala. Chimanga ndi nyemba zili naye, koma zilinso ndi china chimene chimamugwira m'matumbo kuti asalowe m'magazi mokwanira. Munthu akhoza kukhuta nsima tsiku lililonse, mimba ili ndendende, thupi likulira njala ina imene siimveka.

Koma chimene chinandipweteka kwambiri kumva chinali cha tiyi. Ife tiyi ndi wathu. Satemwa inakhazikitsidwa mu 1923, ndipo mabanja ambiri a kuno agogo, amayi ndi adzukulu onse adya za masamba amenewa. Mlendo akafika timatereka ketulo tisanamufunse kumene wachokera. Mlongo wanga ankamwa tiyi wakuda wa masamba ambiri m'mawa ndi chinangwa, masana atangotha nsima, ndi madzulo pomwera mkute, chifukwa amapha njala ndipo ndi wotsika mtengo. Mu 1975 madokotala a ku Johannesburg, motsogozedwa ndi Peter Disler, anasonyeza kuti tiyi womwera chakudya amachepetsa kwambiri ayironi amene thupi limatenga kuchokera m'chakudyacho, ndipo ofufuza ena pambuyo pake apeza zomwezo, kuti amatha kudula kuposa theka. Chimene chimapatsa tiyi kukoma kowawira kuja chimamanga ayironi wa m'masamba ndi m'nyemba, n'kutuluka naye. Ndiye bonongwe ndi nandolo zochepa zimene ankapeza, chikho cha tiyi chinkabwera pambuyo n'kulanda gawo lalikulu. Tiyi si poizoni, ndipo dokotala sanamuletse. Anangoti asiyanitse: apite ola limodzi kapena awiri atadya ndiye amwe, ndipo pa nsimapo pakhale tomato, ndimu, gwafa kapena papaya, chifukwa vitamini C amachita zosiyana ndi tiyi, amatsegulira ayironi njira. Anawonjezanso za soda amene timathira m'ndiwo kuti zifewe msanga, kuti amawononga mavitamini ena asanafike pambale. Apa amayi anatsonya. Nkhani ya soda sitinagwirizanebe mpaka lero.

Pabedi loyandikana panagona mayi wina wa ku Thekerani amene tsitsi lake linali louma ngati udzu wa m'chilimwe, nsidze zitatha cham'mbalimu. Iyeyo magazi anali nawo. Ankangomva kuzizira ngakhale dzuwa lili pamutu, ankanenepa osadya zambiri, ankagona osakhuta tulo, ndipo pakhosi panali potupa pang'ono. Chake chinali chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi kamene kamalamula liwiro la thupi lonse. Kakachedwa tsitsi limagwa, kakathamanga kwambiri limagwanso. Kamafuna ayodini, n'chifukwa chake mchere wa m'paketi umathiridwa ayodini, ndipo chinangwa chowawa chosaviikidwa bwino chimakasokoneza. Mayiyo anati wakhala zaka zitatu akusinthasintha mafuta a m'mutu. Matenda a shuga nawo amalowa mwakachetechete chomwecho. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2009 anapeza kuti akuluakulu oposa 5 mwa 100 alionse m'Malawi anali ndi shuga, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Shuga wokwera kwa nthawi yaitali amawononga timitsempha ting'onoting'ono timene timadyetsa khungu, zilonda n'kumachedwa kupola, ubweya wa m'miyendo n'kutha. Mtsikana amene msambo ukudumphadumpha, ndevu zikumera pachibwano koma tsitsi la pakati pamutu likupepuka, nayenso vuto lake lili m'kati, ndipo nthawi zambiri limayendera limodzi ndi shuga.

Sindikunena kuti tsitsi lililonse logwa ndi njala kapena matenda a m'kati. Dazi la amalume ndi la kumtundu, ndipo angadye chiwindi cha ng'ombe yathunthu silingamere. Zigamba zozungulira za m'mutu mwa ana ndi chipere, chofuna mankhwala akumwa a kuchipatala. Chindoko chimatha kudya tsitsi mwa apo ndi apo ngati njenjete. Ndipo tsitsi lotha m'mphepete mwa chipumi nthawi zambiri ndi ntchito ya manja athu: Dr Nonhlanhla Khumalo atafufuza ku Langa, mu mzinda wa Cape Town, anapeza kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vutoli, makamaka amene amaluka mokoka pa tsitsi lothiridwa mankhwala owongola. Mitu yonseyi imaoneka mofanana kwa munthu woima kuseri kwa kauntala, ndipo kwa yonse amatulutsa botolo limodzi.

Za ana ndiye ndisachedwepo, koma ndisadumphe. Mwana akayamba tsitsi lofiirira, lofewa, lozuka ukangokoka pang'ono, masaya ndi mapazi zikutupa, musayambe ndi bwalo lofunsana kuti walakwa ndani pakati pa bambo ndi mayi. Dr Cicely Williams anafotokoza matendawa m'ma 1930 ali ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana, n'kuwatchula ndi dzina la anthu akumeneko, kwashiorkor. Ndi kunyentchera koopsa, ndipo chiponde cha kuchipatala chimachiza. Masabata amene timataya pofufuza tsempho mwana alibe.

Mlongo wanga anatuluka patatha masiku asanu ndi limodzi, atanyamula mankhwala a njoka ndi mapilitsi omwe aja anawakana ali ndi pakati, aulere. Anamuuza kuti chimbudzi chikada asaope, nseru ikavuta amwe atadyako kanthu, apitirize miyezi itatu ngakhale magazi atakwera, ndipo awabise patali ndi ana chifukwa mwana akameza ambiri amatha kufa. Mphamvu zinabwerera m'masabata ochepa. Dothi analeka yekha osauzidwa. Koma tsitsi linapitiriza kugwa mwezi wonse wa Julayi, ndipo anandiimbira akulira kuti mankhwalawa nawonso ndi abodza. Ndinamukumbutsa kuti limene likugwalo linaleka kukula kale mu Epulo. Sindikudziwa ngati anandikhulupirira, poti mawu anga pa nkhani ya mankhwala anali atatsika mtengo.

Tsitsi lathu la anthu akuda limakula osafika sentimita imodzi pamwezi, ndiye panalibe chothamangira. Nditapitako mu Okutobala ndinamupeza atakhala pakhonde opanda duku, mwana akuyesa kuima atagwira bondo lake. M'mphepete mwa chipumi munali katsitsi kafupikafupi, kofewa, koima njo ngati udzu wophuka potentha. Anganga anati wotola tsitsi uja wachita manyazi n'kubweza. Palibe anawatsutsa. Ketulo inaterekedwa dzuwa litapendeka, nsima itatsika kale, ndipo amayi anandiuza kuti lamulo la adokotala lija lavuta alendo.

Ngongole ya kubanki mkhonde ndinabweza ndine, pamodzi ndi chiwongoladzanja chake. Botolo lija ndinaliona pawindo la khitchini, chithunzi cha mkazi wa tsitsi lofika m'chiuno chitayamba kufufuka ndi utsi. Ndinaligwedeza ndipo munalira tinthu ting'onoting'ono.

"Musataye, achimwene," anatero mlongo wanga. "Muli mbewu ya bonongwe. Chivindikiro chake n'chabwino, anankafumbwe salowa."